Zikomo nonse amene munadzaza bwalo Loweruka

Ndikulemba m'malo mwa atsikana a timu yathu ya mpira wamiyendo kuno ku Johannesburg. Chaka chatha otionerera anali owerengeka, ambiri mwa iwo abale athu omwe. Koma Loweruka lapitali anthu anazungulira bwalo lonse, ena atakwera pa makreti kuti aone bwino.

Zikomo amayi a ku Rosettenville, munabwera ndi mandasi, ndipo nthungululu zanu zinamveka mpaka kumsewu. Abambo oyendetsa minibasi amene munatinyamula ulere kuchokera ku Yeoville, simunatiuze n'komwe dzina lanu, Mulungu akudalitseni. Nanunso achimwene a ku Zimbabwe, munajambula mizere ndi laimu m'mamawa kukuzizira chotero, manja ali mbuu.

Chitengereni ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko la Malawi, chikho cha COSAFA cha mayiko a kumwera kwa Africa mu 2023 konkuno ku South Africa, atagonjetsa Zambia, makolo athu ayamba kulola ana aakazi kusewera. N'chifukwa chake tikufuna bwalo la mpanda, lokhala ndi zimbudzi ndi chipinda chosinthiramo zovala, pakuti atsikana akuvalirabe kuseri kwa galimoto atatchingirana chitenje. Kalata yopempha malo tikapereka kukhonsolo mwezi wamawa, pamodzi ndi mayina onse amene munalemba papepala lija.