Mayeso Anabiriwira, Nambala Osasintha

Lachisanu madzulo ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa abwana kuti mayeso onse oyesera pulogalamu yathu ya Rails (chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti) abiriwira, kutanthauza kuti akhoza. Lolemba m'mawa foni ngrii, wogwiritsa ntchito pulogalamuyo akudandaula! "Achimwene, nambala ya foni ya kasitomala ndaisintha katatu. Pulogalamu ikuti zatheka, koma nambala ndi yakale yomwe ija."

Ndinatsegula mayeso a update, gawo losintha zomwe zinasungidwa kale. Anali aja amene scaffold, chida cha Rails chokuyambira code, imakulembera yokha: amatumiza PATCH (pempho losintha zinthu) yonyamula zomwe zili kale mu fixture (deta yoyesera), kenako assert_redirected_to yongoona ngati munthu watumizidwa ku tsamba loyenera, basi. Kunali ngati kuona mlonda akutsegula geti n'kumavina kuti katundu wafika, galimoto ili yopanda kanthu.

Chinalakwika n'chiyani? Ndinaika phone pa fomu koma mu permit, mndandanda wa ma field amene controller (gawo lolandira fomuyo) imaloleza, ndinaiwala. Strong parameters, mlonda wa Rails woyang'ana mndandandawo, ikakumana ndi field yosaloledwa sichita phokoso ayi, imangoitaya chamumtima n'kulemba "Unpermitted parameter" mu log, komwe ine ndimapitako ngati kumaliro. Ndiye update imabweza true, munthu n'kuuzidwa kuti zayenda.

Ndinaika :phone mu permit, n'kuwonjezera assert_equal yofananiza nambala yatsopano ndi @customer.phone. Mayeso kulephera, kufiira psuu! Ndinathamangitsa db:test:prepare yokonzanso database ya mayeso. Psuu. Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso, ndinanyoza database yathu ya PostgreSQL mpaka makolo ake, nsima ya masana inazizira m'kontena. Patatha maola awiri, mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anasuzumira paphewa langa.

"Pepani bwana, kodi reload munaichotsa dala?"

Ndinatsokomola ngati ndatsamwa. @customer wa m'mayeso anawerengedwa mu database PATCH isanapite. Controller imakatenga wakewake ndi find, n'kusintha ameneyo. Wanga uja anangokhala mu memory osamva nkhani. Nditalemba @customer.reload.phone kuti awerengedwenso mu database, biriwiri.

Sindinakhulupirirenso mtundu wobiriwira. Ndinachotsa :phone mu permit mwadala kuti ndione mayeso akufiira, anafiiradi, ndinaibwezera. Ndinaonetsetsa kuti nambala yotumiza ndi yosiyana ndi ya mu fixture, apo ayi mayeso amakhoza ngakhale update itagona tulo. Ndinalembanso ena otumiza phone yopanda kanthu: ayembekezere 422, yankho losonyeza kuti zotumizidwazo zakanidwa, ndipo pambuyo pa reload nambala yakale ikhalepobe. Mu config/environments/test.rb ndinaika action_on_unpermitted_parameters kukhala :raise, kuti field yoiwalika izikuwa.

Mnyamata uja ndinamugulira Fanta ndi mandazi awiri kuti asauze anthu. Pofika Lachiwiri, ngakhale amayi otiphikira tiyi ankandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Reload?"