Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mbalame ya m'matope a ku Morecambe

Monga ndinanenera m'gawo lapitalo, ndinafika ku Morecambe, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku England, mu Novembala 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinkagwira usiku, ndipo m'mawa uliwonse poweruka ndinkadzera njira ya m'mphepete mwa nyanja, kumene madzi amaphwa kawiri pa tsiku n'kusiya matope ofika kutali kumene maso amalekezera. Kumeneko n'kumene ndinamva kulira kumene kunandiimitsa chilili, mluzu wautali wokwera kumapeto, wachisoni ngati wa munthu woitana mnzake amene wasochera m'dambo.

Ndinakulira ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo ndili mwana ndinkatchera mbalame za m'madzi kuti tipeze ndiwo, choncho ndinkadziyesa wodziwa mbalame. Koma iyi inali yachilendo. Agogo ena amene ndinkawasamalira, amene anakhala m'tauniyo moyo wawo wonse, anandiuza kuti dzina lake ndi curlew, ndipo mwa mbalame zonse zoyenda m'matope a m'gombe ku Ulaya, palibe yoiposa kukula. Kutalika kwake ndi masentimita 50 mpaka 60, miyendo yake ndi yaitali ndi yotuwa, ndipo nthenga zake ndi zamawangamawanga ngati za nkhwali. Chimene sindinachiiwale ndi mlomo wake wopyapyala wokhotera pansi, umene kwa yaikazi umafika masentimita 15, kuposa wa yaimuna. Ndinkaima nthawi yaitali, zala zitauma ndi chisanu, ndikuionerera ikupisa mlomowo m'matope mpaka kumaso n'kuzula nyongolotsi, nkhono zing'onozing'ono ndi tinkhanu, timene imayamba yatigwedeza kuti miyendo ithothoke isanatimeze. Madzi akayamba kubwerera, zonse zinkanyamuka pamodzi kukadikira m'minda yonyowa.

Chinandikhudza kwambiri ndi chakuti zambiri mwa izo zinalinso zobwera. Zina zimachokera ku Finland ndi maiko oyandikana nalo pothawa kuuma kwa nthaka ndi chisanu m'nyengo yozizira, pamene zinzake zoswana ku Siberia zimauluka mpaka kumagombe a Mozambique ndi South Africa. Zimene zili za ku Britain komweko zimakwera kumapiri ndi kumadambo a kumtunda chakumayambiriro kwa Malichi, n'kuikira mazira anayi pansi, mu udzu, kumene nkhandwe, akhwangwala ndi makina otchetcha udzu zimawononga zisa zambiri. N'chifukwa chake mu 2015 mbalameyi inaikidwa pa mndandanda wa zimene zili pangozi yaikulu m'dzikomo, ndipo ine amene ndinapha mbalame zosawerengeka ku Chilwa ndinamva chisoni chenicheni nditamva zimenezi.

Pofika mu Epulo gombe linali litachita zii, ndipo zinangotsala zowerengeka. Agogo aja anamwalira mwezi womwewo, ndipo ine ndinasinthidwa kuyamba kugwira ntchito masana, nkhani imene ndidzaifotokoze m'gawo lotsatira.