Mmene ndinamatira thanki ya chimbudzi cha kalavani yathu

Fungolo tinayamba kulimva ku Potato Creek State Park, kum'mwera kwa South Bend kuno ku Indiana, pa ulendo wathu woyamba chisanu chitangotha. Usiku wachiwiri mayi a kunyumba anandigwedeza n'kunena kuti, "Bambo, fungo ili likuchokera pansi pathu pomwe pano, si kwa anzathuwa ayi." M'mawa ndinagwada ndi tochi. Chipulasitiki chakuda chimene chimaphimba kunsi kwa kalavani, kanyumba ka matayala kamene timakoka ndi galimoto, chinali chitafufuma ngati mimba, ndipo pakona pake pankagwa dontho limodzilimodzi pa udzu. Ana athu amasewera pa udzu womwewo, a anzathunso chimodzimodzi. Tinalongedza tsiku lomwelo.

Kalavani za kuno zimakhala ndi mathanki awiri a madzi oipa. Ina imalandira madzi a kusinki ndi kubafa, ina ndi ya chimbudzi, imene amaitcha black tank. Yathu ndi ya magaloni 30, pafupifupi malita 114, kutanthauza kuti ikadzaza pamakhala makilogalamu oposa 100 akulendewera pansi pa kalavani, akugwedezeka pa dzenje lililonse la mumsewu.

Ntchito yoyamba ndi yonyansa ndipo ilibe chidule. Ndisanatuluke m'pakimo ndinapita pamalo otayira zam'thanki, ndinakhuthula, ndinadzaza madzi oyera kudzera m'chimbudzi, ndinakhuthulanso, mpaka kanayi, kufikira madzi akutuluka oyera. Kunyumba ndinaika zotchingira matayala, ndinavala magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, ndipo ndinamasula masikuluwu a chophimba chija mbali imodzi. Madzi amene anasonkhana m'kati anakhuthukira m'beseni limene ndinatchera. Thonje loteteza kuzizira linali litanyowa lonse, ndinalikulunga m'mapepala apulasitiki n'kukataya. Limenelo silichapika.

Apa mpamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinali nditagula kale silikoni kuti ndipake paliponse pamene pakuoneka ponyowa. Mwamwayi ndinayamba ndaimbira achimwene ena a kumpingo kwathu, amene amagwira ntchito pa fakitale ina ku Elkhart, dera limene makalavani ambiri a ku America amapangidwa. Anandiyankha kuti, "Achimwene, silikoniyo mubweze kusitolo. Muyambe mwapeza pamene madzi akutulukira, chifukwa pamene akugwera sipamene akuchokera."

Ananena zoona. Madzi amatsata thupi la thanki n'kukagwera kutali. Malo okayikitsa ndi angapo: labala wa pansi pa chimbudzi, payipi yotulutsa mpweya yopita kudenga, malabala a vavu yotsegulira, ndi thupi la thanki lenilenilo. Ndinapukuta ponse mpaka pouma, ndinathira utoto wobiriwira wa makeke m'ndowa, ndipo mayi ankathira madziwo m'chimbudzi ndowa imodziimodzi ine nditagona chagada pansi ndi tochi. Ndowa yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Pa yachitatu ndinaona kamzere kobiriwira, kochepa ngati tsitsi, kakutuluka pa khosi la thanki pamene payipi yaikulu ya mainchesi 3 imalowera. Kanayamba ngati thukuta, kenako kanasanduka mkanda, mkandawo n'kutsetsereka masentimita pafupifupi 40 usanagwe. Mng'aluwo unali wotalika ngati chala changa chamkombaphala. Pa vavu panali pouma.

Funso lotsatira ndi lakuti thankiyo ndi ya pulasitiki yanji, ndipo ntchito yonse yagona pamenepa. Mathanki ambiri a chimbudzi ndi a ABS, pulasitiki yakuda yolimba yofanana ndi ya mapayipi akuda a zonyansa. Ena ndi a polyethylene, imene imaterera ngati kandulo ukaikhudza ndipo guluu wamba saigwira, imafuna kuwotcherera ndi chida chotentha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ndinanyowetsa kansalu ndi acetone (mankhwala amadzimadzi amene amachotsera penti ya m'zikhadabo) n'kupaka pakona pobisika. Posakhalitsa pulasitikiyo inayamba kunanda ndipo kansaluko kanada. Ndiye kuti ndi ABS. Ikanakhala polyethylene sipakanasintha kanthu.

Ubwino wa ABS ndi wakuti acetone amaisungunula, choncho chigamba chake chimalowerera m'thupi la thanki n'kukhala chinthu chimodzi. Ndinagula kachidutswa ka payipi ya ABS, ndinakadula tizidutswa ngati chimanga, ndinaika m'botolo lagalasi, ndinathira acetone mpaka kumiza, n'kutseka. Kutacha zinali zitasanduka phala lakuda. Ndinagawa pawiri, lina lamadzimadzi ngati phala la mwana, lina lolimbirapo. Acetone amayaka msanga ndipo mpweya wake umapweteka mutu, ndiye ndinatseka gasi wa kalavani, ndinachotsa magetsi, ndipo zonse ndinachitira panja.

Thanki ndinaisiya masiku 2 vavu ili yotsegula kuti iume. Musathamangire pamenepa, chinyezi chikatsala mu mng'alu phala silimata bwino. Itauma ndinaboola kabowo ka mamilimita 3 kumapeto onse awiri a mng'alu kuti usapitirire kung'ambika. Ndinaukulitsa pang'ono ndi nsonga ya mpeni kuti ukhale ngati kangalande, ndinakwecha ndi sandipepa malo okwana chikhatho kuzungulira, n'kupukuta ndi acetone.

Phala lamadzimadzi ndinalikankhira mu mng'alu ndi m'timabowo ndi kaburashi. Lisanaume ndinayalapo kaukonde ka fiberglass kamene ndinadula kopitirira mng'alu masentimita 5 mbali zonse, n'kukadinikiza mpaka phala litatulukira m'maso mwake. Kumata uli chagada n'kovuta, phala limafuna kukugwera kumaso, ndipo pa khosi pokhota kaukonde kamakana kugona. Ndinachita kukacheka m'mbali kuti kapinde motsata payipi. Kenako ndinapaka phala lolimba katatu, mopyapyala, ndikudikira maola angapo pakati. Mukaunjika lambiri nthawi imodzi kunja kumauma m'kati muli phalaphala, ndipo acetone wochuluka angafewetse khoma la thanki.

Pamene ndinkadikira, ndinadzifunsa chimene chinang'alula thankiyo. Ndinapeza zinthu ziwiri. Lamba wachitsulo amene amanyamula thanki mbali ya payipi anali atamasuka, bawuti yake yadzimbiri, moti thanki ikalemera inkatsika pang'ono pamene payipi yomangidwa ku chitsulo cha kalavani ili chiimire. Mphamvu yonse inkathera pa khosi paja. Chachiwiri, mu Novembala ndinakhuthula thanki koma sindinathire mankhwala apinki oletsa madzi kuundana. Timadzi totsalira timakhala pamalo otsikitsitsa, pa khosi pomwepo, ndipo madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 pa 100 alionse. Chisanu cha kuno pafupi ndi Lake Michigan chimakhala miyezi. Ndikanangomata osaona lambayo, mng'alu wina ukanatseguka pambali pa chigamba. Ndinakweza thanki pang'ono ndi jeke, nditaika thabwa lalikulu pakati kuti isabooke, ndinaika bawuti yatsopano ndi nati yosamasuka, ndiponso labala pakati pa lamba ndi pulasitiki. Popeza ndinali kale pansipo, ndinamasula mabawuti 4 a vavu n'kusintha malabala ake awiri, amene anali atayamba kuuma.

Ndinadikira maola 48 ndisanathire madzi. Poyesa ndinayala nyuzipepala pansi pa chigamba, ndinadzaza theka ndi madzi obiriwira aja n'kusiya usiku wonse. M'mawa pepala linali louma. Ndinadzaza mpaka pamwamba, tsiku linanso lathunthu, louma. Komabe thanki yoima pabwalo siikuuza zonse, choncho ndinakoka kalavani ili ndi madziwo makilomita pafupifupi 30, ndikusankha dala misewu ya mabampu, n'kubwerera kudzagwadanso ndi tochi. Ndinapititsa chala pa chigamba chonse ndi pansi pa vavu. Chala chinabwera chouma.

Ndinaika thonje latsopano ndi kubwezera chophimba, koma pansi pa khosi la thanki ndinachekapo kachitseko kakang'ono kotseka ndi tepi yolimba, kuti ndizisuzumira tisananyamuke ulendo uliwonse. Botolo la phala lotsala lili m'bokosi la zida pamodzi ndi kaukonde, ndipo magaloni 2 a mankhwala apinki ndagula kale, akudikira Okutobala.