Tsiku limene ananditsekera pamodzi ndi makompyuta

Ku Ngabu kuno tili ndi kachipinda kosungiramo makompyuta akale, ndipo timakatcha myuziyamu mopanda manyazi. Anakayambitsa ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe ankatola makina otayidwa m'maofesi. Ine ndimathandizako mwaulere: kupukuta fumbi, kupirikitsa mavu omanga zisa kuseri kwa mamonita, ndi kulandira alendo akapezeka.

Vuto ndi komiti. A Wapampando amafuna kuti alendo azilipira pakhomo. Mayi Msungichuma amakana, akuti ndalama za ulendo woyamba sizinafike m'buku lawo mpaka lero. Mkangano unakula mpaka aliyense anagula loko wake n'kumukoleka pachitseko chomwecho. Kuti nditsegule, ndimapalasa njinga kwa awa, kenako kwa awo, kumvetsera miseche ya mbali zonse, popanda wondipatsa ngakhale madzi akumwa.

Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa lija loti mbuzi nazo zimabisala pansi pa malole, ndinali nditagwada kuseri kwa shelefu kulimbana ndi chiswe. Mayi Msungichuma aja podutsa anaona chitseko chotsegula, n'kuganiza kuti anzawo ayamba kulipiritsa anthu mwakabisira. Khethe! Atakhoma choncho anakwera minibasi ya ku Nsanje, kumaliro. Foni yanga inali pa tchaji kugolosale.

Denga lamalata, zenera limodzi lazitsulo, magetsi atazima. Thukuta linali kamukamu.

Cha m'ma 11 koloko panafika ana asukulu ndi aphunzitsi awo.

"Bambo, tatitsegulireni."

"Aphunzitsi, zikanatheka ndikanayamba ndadzitsegulira ndekha."

Aphunzitsiwo anathamangira kwa a Wapampando. Mkulu uja anabwera ndi kiyi m'manja, mtima wanga n'kukhala pansi. Anayang'ana loko wa mayi aja, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Ooh, ndiye akhoma eti? Nanenso ndikhoma." Khethe wachiwiri! Kenako anayamba kutolera makobidi kwa ana kuti azisuzumira pazenera.

Ndikanatani? Ndinayamba kuphunzitsa ndili m'khola momwemo. Ndinanyamula Commodore 64, makina a mu 1982, n'kuwauza kuti 64 ameneyo ndi makilobayiti a memore yake yonse. Ndinawaonetsa flopi disiki ya 1.44 MB, yomwe singakwanemo ngakhale chithunzi chimodzi chabwino cha pafoni ya aphunzitsi awo. Kunena zoona, flopi imakupiza mphepo bwino kuposa mmene imasungira zinthu. Chilichonse chinali ndi kapepala ka chaka chake, ndipo ana ankakopera m'makope mwakhama.

Kamtsikana kena kanakweza mkono. "Aphunzitsi, nanga agogo awa ndi a chaka chanji? Alibe kapepala."

Wowotcherera zitsulo anadzadula maloko onse awiri dzuwa litapendeka. Komiti itakumana, a Wapampando ndi mayi Msungichuma anagwirizana chimodzi kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho: ndalama ya wowotchererayo ndilipire ndine, poti wofuna kutuluka ndinali ine.