Lipoti la ulendo wa ku Kanengo: zomwe tinaona za fokilifiti tisanagule yathu

Moni nonse mamembala, a ku Kamwendo, a ku Mkanda, a ku Kapiri ndi inu a kufupi ndi boma la Mchinji. A tcheya anandipempha kuti ndilembe za ulendo uja poti ambiri simunapite, minibasi inali imodzi ndipo nkhani ya mafuta mukuidziwa. Ndilemba mmene ndinaonera ine, amene tinali limodzi ngati ndasiya kanthu mudzaonjezera.

Mukukumbuka kuti pa msonkhano waukulu ena ananena kuti koparetivi yathu igule fokilifiti (makina onyamulira ndi kukwezera katundu) yogwirapo kale ntchito, chifukwa anyamata amavutika kukweza matumba pa thiraki. Ndipo nzoona, thiraki ya matani 30 ndi matumba 600 a makilo 50, onsewo pamutu ndi pamsana, tsiku limathera pompo ndipo madzulo mnyamata sangathe nkuwerama komwe. Nde tinapempha kampani ina yomwe imatigula soya ndi mtedza kuti tikaone mmene iwo amagwirira ntchito ndi makina amenewa, anavomera.

Tinanyamuka pa Kamwendo kusanache, msewu wa M12, kudutsa Waliranji, Namitete, Msundwe, Chitedze, kulowa mu Lilongwe kenako M1 mpaka ku Kanengo. Tinatenga anyamata awiri onyamula matumba, a kalaliki a ku shedi, mayi msungichuma ndi mayi mmodzi wa gulu losankha mtedza, ndipo ndikuthokoza kuti mayiwa anapita nawo chifukwa funso lofunika kwambiri tsiku limenelo anafunsa ndi iwowo.

Pa geti sanatilole kungolowa. Aliyense anamuveka lifulekita, ndipo amene anavala patapata anabwerekedwa nsapato zolimba kutsogolo. Anatilandira ndi a sefuti ofisa, oyang'anira chitetezo pa ntchito, bambo ofatsa koma osasekerera, ndipo chinthu choyamba chomwe anatiuza nchakuti mkati muno muyende mkati mwa mizere yachikasu yokha, foni m'thumba, mukamva hutala imani pomwe muli musathawire kwina.

Chomwe chinandidabwitsa ine poyamba ndi kulemera kwake. Fokilifiti imaoneka yaing'ono, yofupika kuposa galimoto wamba, koma anationetsa kachitsulo kolembedwa pafupi ndi mpando wa dalaivala, yomwe tinaona ife imanyamula makilo 2,500 koma iyo payokha ili pafupi matani 4. Kumbuyo kwake konse kuja ndi chichitsulo chokhachokha, ntchito yake ndi kulemera basi. Ndiye chinthu chotere chikakuponda phazi palibenso phazi, ndipo ngakhale chikuyenda pang'onopang'ono sichiima pompo dalaivala akaponda buleki.

Amene munakwezapo chimanga pa ngolo mukudziwa kuti ukaunjika matumba kumbuyo kwa mateyala goli limanyamuka m'khosi mwa ng'ombe. Fokilifiti ndi chimodzimodzi kungoti katundu wake ali kutsogolo. Katundu akalemera kuposa chichitsulo chakumbuyo chija mateyala akumbuyo amanyamuka, ndipo poti okhotetsa ndi akumbuyowo ndiye kuti dalaivala alibenso chowongolera. A sefuti anatsindika kuti makilo 2,500 olembedwa aja ndi pokhapokha pakati pa katundu pali masentimita 50 kuchokera kutsinde kwa mafoloko (zitsulo ziwiri zakutsogolo zonyamulira katundu), katundu akakhala kunsonga kapena akakhala wamtali kutsogolo mphamvu ija imatsika, ukamukweza pamwamba kwambiri imatsikanso. Nchifukwa chake mafoloko amalowetsa onse mpaka paleti (thandala lamatabwa losanjapo matumba) ikhudze kutsinde, nkupendeketsa pang'ono chakumbuyo, ndipo poyenda katundu amakhala pansi pafupifupi masentimita 15 kuchokera pa simenti. Amakweza akafika pomwe akufuna kusanja, ataima. Anatiuzanso kuti malo ena anthu akaona kuti kumbuyo kukunyamuka amauza mnyamata kuti khala kumbuyoko ilemere, kapena kuikapo matumba, ndipo anati kwawoko wochita zimenezo ntchito imamuthera tsiku lomwelo.

Kugwera m'mbali ndi nkhani ina. Ngakhale mateyala ndi anayi, awiri akumbuyo aja agwidwa pamalo amodzi pakati, ndiye kwenikweni makinawa amaima pa malo atatu, kukhota mothamanga kapena kukhota katundu ali m'mwamba, kapena teyala limodzi kulowa m'dzenje, imagwa. Ndipo chomwe ambiri sitinkayembekeza, yopanda katundu ndiye imagwera m'mbali msanga kuposa yomwe yanyamula katundu wake pansi bwinobwino, koma nthawi yopanda katunduyo ndi yomwe madalaivala amakonda kuthamanga.

Apa mnyamata wathu mmodzi anati ikayamba kugwa iye angodumpha. A sefuti sanaseke. Anati achimwene, ambiri amene anafa pa makina amenewa anafa chifukwa chodumpha. Mtima umakuuza kuti dumpha, ndipo umadumphira mbali yomwe ikugwera, denga lachitsulo lija limene analiika kuti likutchinjirize ku katundu wogwa ndi lomwe limakupeza pansi, pakhosi kapena pachifuwa. Chofunika ndi kumanga lamba nthawi zonse ngakhale ulendo wake ndi wa mamita 10, ikamagwa gwira chiwongolero zolimba, ponda mapazi mwamphamvu, thupi lipendekere mbali yomwe sikugwera, ukhale mkati momwemo. Mnyamata uja anangoti zii, ndipo ine ndinaona kuti zimenezi munthu sangazidziwe payekha, ayenera kuphunzitsidwa.

Koma abale mbali yomwe inandikhudza kwambiri ndi ya anthu oyenda pansi. Anaika makatoni opanda kanthu pakona nkuuza dalaivala kuti akhote, kutsogolo kunadutsa bwinobwino koma kumbuyo kunazungulira nkumwaza makatoni onse. Galimoto tinazolowera kuti kutsogolo kukadutsa ndiye kuti wapulumuka, iyi ayi, kumbuyo ndi komwe kumakumenya, ndipo ngati uli pafupi ndi khoma kapena mulu wa matumba imakupanikiza pamenepo. Kenako anandikweza pampando injini ili yozima, kutsogolo kuli paleti ya matumba 20, nkuuza mayi msungichuma kuti aime kutsogolo. Sindinawaone nkomwe. Anayenda kangapo ndithu kubwerera m'mbuyo ndisanaone mpango wawo. Nchifukwa chake katundu akatseka kutsogolo dalaivala amayenda chambuyo akuyang'ana komwe akupita, pakhomo ndi pakona paliponse amaliza hutala, ndipo lamulo lawo ndi lakuti woyenda pansi asayandikire kuposa mamita 3 pokhapokha dalaivala waima ndipo mwaonana maso.

Ndi pamenepa pomwe mayi osankha mtedza aja anafunsa kuti nanga ife bambo, amene timakhala pansi pakhomo pa shedi ndi malichero athu poti mpomwe pali kuwala ndi kamphepo, ena tili ndi ana oyamba kumene kuyenda, zidzatheka bwanji? A sefuti anayankha mosabisa kuti mayi, sizingatheke, munthu wokhala pansi dalaivala samuona ngakhale alibe katundu, mwana ndiye osanena, malo osankhira mtedza ayenera kukhala kwina, otchingidwa, ndi khomo lakelake. Anatiuza za malo ena omwe anagwirako ntchito kale, mayi wina wosesa soya wotayika anawerama kuseri kwa mapaleti, dalaivala akubwerera m'mbuyo sanamuone, mwendo unathyoka malo awiri ndipo mayiyo sanabwererenso pa ntchito, dalaivala nayenso anasiya yekha, akuti sankagona tulo. Palibe amene analedzera, palibe amene ankathamanga, anangokhala malo amodzi anthu ndi makina.

Ine ndinaganiza za shedi yathu nthawi ya June ndi July mmene pamadzadzira, alimi ndi njinga zawo, ngolo, a kabaza, ana ogulitsa mandasi, khomo ndi limodzi lomwelo.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Samalola kukweza munthu pa mafoloko kapena pa paleti kuti akakonze babu kapena kukasanja matumba pamwamba, ndipo mpando ndi umodzi, palibe zopatsana lifiti. Pansi pa mafoloko okwezedwa sipadutsa munthu ngakhale alibe katundu, paipi ya oyilo ikaphulika kapena tcheni chikaduka amatsika kamodzi. Pamtunda katundu amayang'ana kumtunda nthawi zonse, kukwera chakutsogolo kutsika chambuyo, osakhota pamtundapo. Thiraki ikamapakidwa amaika zotsekera ku mateyala ndipo kiyi wa thirakiyo amasunga a sitolo mpaka amalize, poti dalaivala wa thiraki akhoza kunyamuka fokilifiti isanachoke. Ya dizilo kapena ya gasi sayendetsa m'shedi yotseka chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha, munthu amangomva mutu ndi chizungulire kenako kukomoka. Ya batire ilibe utsi koma potchaja imatulutsa mpweya wosachedwa kugwira moto, ndiye fodya pafupi ayi. M'mawa uliwonse dalaivala amayendera mateyala, mabuleki, hutala, matcheni, mafoloko ngati ang'aluka, pansi ngati padontha oyilo, nkusayina pepala, ndipo akaweruka mafoloko pansi, handibuleki, kiyi kukapereka ku ofesi. Za kiyizi ndinazikonda, chifukwa kwathu kuno tikudziwana, kiyi atatsala pamenepo Lamlungu padzapezeka wina wofuna kuyesa.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakhala ndi dalaivala mmodzi wachikulire, tikudya chipisi kunja kwa geti. Iye anandiuza kuti malamulo onsewa aliyense amawadziwa, koma ngozi zimabwera nthawi ya sizoni pomwe mathiraki afola mzere, bwana akukuwa kuti changu changu, iwe wayamba m'bandakucha mpaka usiku. Anati pamenepo mpomwe munthu umanyamula mapaleti awiri kamodzi, umasiya kuliza hutala, umaona lamba ngati akukuchedwetsa. Anandifunsa kuti kwanuko dalaivala akadzakana kunyamula katundu wopitirira, a tcheya adzakhala mbali yake kapena mbali ya wogula amene akufulumira? Funso limeneli ndikulipereka kwa komiti mmene anandifunsira. Ananenanso kuti laisensi ya galimoto kapena kudziwa thalakitala sikutanthauza kuti munthu angayendetse fokilifiti, iye amene anali dalaivala wa lole zaka zambiri koma anayamba ngati mwana wa sukulu.

Za malamulo a boma anatikumbutsa kuti pali lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997, lomwe limati olemba ntchito ndi amene ali ndi udindo woonetsetsa kuti malo ndi makina ndi zotetezeka komanso kuti antchito aphunzitsidwa, palinso lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000. Ngozi ikachitika iyenera kukanenedwa ku ofesi ya leba. Tisaiwale kuti pa shedi yathu olemba ntchito ndife tomwe mamembala, munthu akalumala chipukuta misozicho chidzachokera m'thumba la koparetivi, ndipo wolumalayo adzakhala mwana wa mmodzi wa ife, tizidzakumana naye ku tchalitchi ndi ku maliro.

Tsopano maganizo anga, ndipo ndinanena zomwezi mu minibasi pobwerera. Ine sindikukana fokilifiti, misana ya anyamata athu ikutha ndipo zimenezo nazonso ndi kuvulala, kungoti sikuoneka tsiku limodzi. Koma shedi yathu mmene ilili lero sitingaikemo makina amenewa. Simenti ya pansi ndi yopyapyala ndipo pakona ya kummawa yayamba kale kusweka ndi matumba okha, nanga matani 4 kuphatikiza katundu wa matani awiri? Pakhomo pali sitepe, panja ndi dothi lomwe nthawi ya mvula limasanduka matope, khomo ndi limodzi, mapaleti tili nawo ochepa ndipo ena ndi othyoka, ndipo paleti yothyoka imagwetsa katundu ngakhale dalaivala akhale katswiri chotani. Kuonjezera apo makina akale amafuna makaniko ndi masipeya, ndipo zimenezi tizikazitenga ku Lilongwe, ndiye buleki ikadzayamba kuvuta pakati pa sizoni mayesero adzakhala akuti tiyeni tingomaliza thiraki iyi kaye.

Ku Kanengo komweko tinaona jeki ya mapaleti yokoka pamanja, ilibe injini, imanyamula paleti pang'ono chabe kuchoka pansi nkumaikoka. Siyingakweze katundu pa thiraki kuchokera pansi, koma titamanga pokwezera katundu pofanana msinkhu ndi thiraki, matumba akhoza kumafika pakamwa pa thiraki osasenzedwa mtunda wonse uja. Nayonso imafuna nsapato zolimba ndi simenti yosalala, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri ndipo tingaphunzirepo kugwira ntchito ndi mapaleti ndi mizere yachikasu tisanafike pa zazikulu.

Si onse anagwirizana nane. A kalaliki akuti mwayi wa makina otchipa sudikira ndipo tikhoza kugula nkuwasunga mpaka shedi itakonzedwa, ine ndikuopa kuti chinthu chikafika pakhomo palibe adzapirire kuchiona chitangokhala mathiraki ali pamzere. A tcheya anati nkhaniyi ipite ku msonkhano wa mamembala onse. Zomwe tinagwirizana tonse mu minibasi muja ndi zoti malo a amayi osankha mtedza asamuke pakhomo chaka chino chomwe, kaya tigula kaya sitigula, poti ngakhale mathiraki obwerera m'mbuyo aja ndi oopsa kale, komanso kuti amene adzayendetse makinawo adzapite kaye ku maphunziro ndipo akhale anthu awiri osati mmodzi.

A sefuti aja avomera kubwera ku Mchinji kudzaona shedi yathu ngati titawalipirira thiransipoti. Mayi msungichuma akufufuza mtengo wa simenti ndi malata a khumbi la amayi, ndipo a mazoni mukupemphedwa kuti pobwera ku msonkhano mutenge mayina a anyamata amene akufuna maphunzirowo.