Makina owotcherera akamasokoneza wailesi ndi sikelo za aneba

M'misika ngati ya Chitakale, Limbuli ndi Luchenza, shedi ya owotcherera imagundana khoma ndi okonza mafoni, oonetsa mpira ndi ogulitsa pa sikelo ya magetsi. Rodi ikangogunda chitsulo, wailesi imathetheka, chithunzi cha dikoda chimaduka, manambala a sikelo amangovina. Anthu amathamangira kunyoza makinawo, chonsecho kawirikawiri vuto ndi kagonekedwe ka mawaya.

Poyamba siyanitsani mavuto awiri. Mababu akamachepa kuwala nthawi iliyonse mukayatsa moto, mphamvu ya magetsi ikugwa chifukwa makina akukoka kwambiri pa waya woonda. Apa kokani mzere wawokha kuchokera pa bokosi la mabureka, waya wa 4 mm², kapena 6 mm² ngati mtunda ndi wautali, ndi bureka yomwe buku la makinawo latchula, nthawi zambiri ya 32A. Ekisitenshoni ya 1.5 mm² ndi ya wailesi ndi mababu, osati yowotcherera. Pa magetsi ochepa mphamvu ngati a MEGA, kampani yaing'ono yopanga magetsi ndi madzi ku Bondo, kugwaku kumaonekera msanga kuposa pa ESCOM.

Vuto lachiwiri, la phokoso la magetsi lomwe limasokoneza zipangizo, ndiye lofunika kulimvetsa. Pa rodi ya 3.2 mm mumadutsa ma amp 100 kapena kuposerapo. Magetsiwo amatuluka pa waya wa chogwirira rodi n'kubwerera pa waya wa chopanira, chija chimagwira chitsulo chomwe mukuwotcherera. Mawaya awiriwa akatalikirana, mpata wapakati pawo umasanduka mlongoti woulutsa phokoso, ndipo mpata ukakula phokoso limakulanso. Akagona pamodzi, maginito a waya wina amafafaniza a mnzake popeza magetsi akuyenda mosemphana. Choncho amangeni ndi tepi pa theka la mita lililonse, mungosiya mita imodzi kumapeto kuti dzanja lizimasuka. Agone pansi, asakolekedwe pa denga kapena paphewa. Waya wotsala musaukulunge nkhata. Uyaleni motalika, kapena ingoudulani. Mamita 20 a waya pa ntchito ya mamita 5 ndi kudzichulukitsira mavuto.

Chizolowezi choipa kwambiri ndi chopana pa mzati wa shedi, kapena kulumikiza ndi zidutswa za waya wa konkire. Magetsi obwerera amadzifunira okha njira: malata, mabagalabazi, mapaipi a madzi, ngakhale waya wa earth wa nyumba, umene ungapse mkati mwa khoma munthu osadziwa. Panani pa chitsulo chomwe mukuwotchereracho, pafupi ndi pamoto, mutapala ndi galayinda mpaka chiwale. Chinyezi cha kuno ku Mulanje ndi Thyolo sichichedwa kudyetsa dzimbiri, ndipo chopanira chadzimbiri kapena cholefuka sipuling'i chimatulutsa timoto ting'onoting'ono tomwe timawonjezera phokoso. Mukathimitsa makina, chikhudzeni mutavala magolovesi. Chikatentha, sichikugwira bwino.

Chopanirachi sichilowa m'malo mwa earth yeniyeni. Thupi la makina lilumikizidwe ku phini yachitatu ya pulagi, ija ambiri amaisiya yopanda waya, ndipo nyumbayo ikhale ndi ndodo yokutidwa kopa yokhomedwa m'nthaka yonyowa mamita 1.2 kapena kuposa.

Makina a inveta, opepuka aja, amayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo phokoso lake limabwerera pa waya wa soketi kukalowa kwa aneba. Osawagwiritsa ntchito chivundikiro chili chochotsa. Mawaya mukawakonza koma vuto likadalipo, ikani fyuluta ya EMI, yosefa phokosoli, polowera magetsi, yopirira ma amp a makinawo. Kugula fyuluta musanamange mawaya n'kutaya ndalama.

Njira yowotcherera ya TIG, yomwe imagwiritsidwa ntchito pa zitsulo zosachita dzimbiri ngati za m'mafakitale a tiyi, ndi yovuta kuposa zonse ikamayatsa ndi HF, kuyatsa moto osagunda chitsulo, chifukwa imaponya ma volt masauzande. Ngati makina ali ndi lift arc, yoyatsa pogunditsa nsonga pa chitsulo n'kuinyamula, sankhani imeneyo. Apo ayi, tebulo lowotchererapo lilumikizidwe ku ndodo ya m'nthaka ija ndi waya waufupi wonenepa, ndipo kompyuta ndi sikelo zikhale kutali, mamita 15 ngati malo alola.

Nawonso aneba achitepo kanthu: waya wa dishi kapena wa sikelo usayende mbali imodzi ndi mawaya owotcherera, ndipo pokumana angodutsana mopingasa. Ferrite, kamphete kochepetsa phokoso, yopana pa waya wa chipangizocho imathandizako. Powotcherera galimoto, chotsani batire n'kupana pafupi ndi pantchito kuti kompyuta yake isapse. Munthu wokhala ndi kachipangizo kothandiza mtima asayandikire asanafunse dokotala.

Pofuna kudziwa pomwe phokoso likutulukira, tengani kawailesi ka mabatire, ikani pa AM pamalo opanda siteshoni, muziyenda nako motsatira mawaya mnzanu akuwotcherera, nkhope mutaitembenuzira kumbali. Pomwe kakulira kwambiri, yambirani pamenepo.