Mphwanga walowa mpikisano wa makompyuta

Abale anga, lero ndasangalala kwambiri. Mphwanga amene akuphunzira za makompyuta ku UNZA (yunivesite ya Zambia) walowa mpikisano wa ophunzira olemba mapulogalamu, ndipo gulu lake likufuna kuti AI (makina a pa kompyuta oyankha mafunso ngati munthu) isamavulaze anthu olankhula zinenero ngati zathu.

Dzulo usiku kuno ku Kalingalinga mu Lusaka, magetsi atathima, anandionetsa pa foni. Anafunsa AI m'Chingerezi momwe munthu angabere agogo ndalama za pa mobile money, makinawo n'kukana. Atafunsa zomwezo m'Chinyanja, anayamba kuyankha bwinobwino! Ndinachita mantha. Iye akuti makinawa anaphunzitsidwa kukana zoipa makamaka m'Chingerezi, pomwe zolembedwa zathu pa intaneti n'zochepa, ndiye chinyengo cha m'Chinyanja sachizindikira.

Panopa anawa akusonkhanitsa ziganizo zenizeni, Chinyanja cha m'minibasi ndi cha pa Soweto Market chosakanikirana ndi Chibemba, osati cha m'mabuku chokha. Ine ndawapatsa mauthenga a akuba amene amayi analandira ku Chipata, aja oti tumizani ndalama pa nambala iyi.

Pa zinenero 7 zophunzitsidwa m'sukulu zathu, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale nazonso zikufunika ntchito yomweyi. Amene muli ndi mauthenga otere, chonde nditumizireni ndimupatse.